Ndalembera loya masamba 6 koma kuli zii, ndalakwitsa pati?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula anachita kundipempha okha. Ndaifupikitsa koma mutu wake ndi uwu: anasiyana ndi amuna awo chaka chatha, ana awiri akukhala ndi iwo, nde tsiku lina kwangotulukira munthu kuntchito kwawo kudzawapatsa chisamani, bambo aja akasuma kukhoti kuti banja lithe komanso ana akufuna awatenge. Usiku umenewo mayiwa sanagone, analemba masamba 6 kupita kwa loya wina amene mnzawo anawauza, kufotokoza kuyambira tsiku lomwe anakumana ndi bambowo mpaka lero. Papita masiku 5, yankho kulibe. Nde akuti, "Kodi ndalakwitsa pati? Ndilembenso? Ndilembe zotani kuti andimve?"

Mayi, pepani kaye ndi zomwe mukudutsamozi. Ine si loya ayi, koma ndinakhalapo zaka zingapo pa desiki ya kutsogolo mu ofesi ina ya maloya, ndine amene ndinkatsegula makalata ndi maimelo oterewa ndikuwaika pa tebulo la abwana, nde ndikudziwa bwino chimene chimachitikira kalata ya masamba 6. Imaikidwa pambali. Osati chifukwa loyayo ndi wouma mtima, koma wangochoka kukhoti, mafayilo ali mulu, akatsegula nkuona kuti ndime yoyamba ikukamba za mmene munakondanirana amati ndiwerenga madzulo, ndipo madzulowo safika. Chowawa nchakuti mwina chinthu chokhacho chimene chikanamudzidzimutsa, chakuti munalandira chisamani tsiku lakutilakuti, munachilemba pa tsamba lachisanu kapena simunachilembe nkomwe.

Nde tiyambire pamenepo chifukwa ndi pamene pakuyaka moto. Tengani mapepala akukhotiwo muwerenge bwinobwino, penapake alembapo masiku amene mwapatsidwa kuti muyankhe kapena deti yoti mukaonekere. Amati mlandu suola, zoona, koma masiku oyankhira amaola ndithu. Ndipo amasiyana dziko ndi dziko, pena khoti ndi khoti: ku England munthu akalandira mapepala a chisudzulo amakhala ndi masiku 14, ku California ndi 30, ku South Africa kawirikawiri ndi masiku 10 ogwira ntchito a khoti, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Musadalire zomwe wakuuzani mnzanu amene mlandu wake unali kwina, dalirani pepala lili mmanja mwanulo. Kawirikawiri kuwerenga kumayambira tsiku lomwe mapepalawo anakufikani, osati deti yomwe khoti linadinda, nchifukwa chake tsiku limenelo mulilembe penapake lero lomwe, ndi nthawi yake, ndi malo, ndi mmene anakupatsirani. Mukangokhala chete masiku nkutha, khoti likhoza kumva mbali imodzi yokha nkugamula inu kulibe, ndipo kukachotsetsa chigamulo chotere nkotheka koma ndi ntchito ina yapadera, yodyanso ndalama ndi nthawi.

Lembaninso, eya, koma masamba 6 aja musawatumizenso. Asungeni, adzathandiza pokonza chikalata chanu cholumbirira chija amati afidaviti. Ulendo uno tsamba limodzi basi, ndipo pamutu pa imelo pakhale pomveka, monga "Chisamani cha khoti la za banja, tsiku lomaliza kuyankha 18 Juni". Mutu woti "Chonde ndithandizeni" tinkaulandira kangati patsiku, sunena kanthu.

Mkati mwakemo mukhoza kulemba chonchi, madetiwa ndangopeka:

"Dzina langa ndine wakutiwakuti. Pa 4 Juni ndinalandira chisamani cha mlandu nambala yakuti, khoti lakuti, wodandaula ndi amuna anga, dzina lawo lonse ndi ili, loya wawo ndi uyu. Akupempha kuti banja lithe komanso kuti ana azikhala ndi iwo. Tinakwatirana mu 2014, tinasiyana mu Ogasiti chaka chatha. Ana ndi awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5, chisiyanirane akhala ali ndi ine. Kutha kwa banja sindikukana. Ndikufuna ana apitirize kukhala ndi ine, bambo awo aziwaona, komanso azipereka chithandizo mwezi ndi mwezi. Kodi mungandiimire pa mlanduwu? Ngati simungathe chonde ndiuzeni pofika Lachinayi kuti ndifunefune kwina."

Basi. Mzere womalizawo anthu amachita nawo manyazi ngati ndi mwano, si mwano ayi. Ndipo pali chinthu ambiri sadziwa: kumulembera loya sikutanthauza kuti wasanduka loya wanu. Mpaka atavomera, makamaka mwa kulemba, mutagwirizana za malipiro, mlanduwo udakali pamutu panu nokha ndipo masiku akuwerengeka. Ndinaonapo bambo wina atabwera patapita mwezi wathunthu akuti "paja ndinakutumizirani zonse", iwo mumtima anali atatula kale katundu, pomwe fayilo yawo sinatsegulidwe nkomwe.

Dzina lonse la amuna anu ndi la loya wawo musalisiye, chifukwa ofesi iliyonse isanamve nkhani yanu imayenera kuona kaye ngati sinagwirepo ntchito ndi mbali inayo. Loya mmodzi sangaimire onse awiri pa mlandu womwe mukulimbana, ndipo ngati bambowo anakafunsapo kale malangizo pa ofesi yomweyo, akukanani. Mwina nchifukwa chake kuli zii, ndani akudziwa. Nde nzeru ndi yakuti zamkatikati muzisunge kaye mpaka atanena kuti palibe chowaletsa.

Tsopano pa nkhani ya zofuna zanu, apa ndichedwepo pang'ono chifukwa mu imelo yanu munandilembera mizere yambiri ya chibwenzi cha bambowo, dzina la mkaziyo, komwe amagwira ntchito, zonse. Ndikumvetsa, zimapweteka. Koma jaji akamaona za ana funso lake silikhala loti analakwira mnzake ndani, limakhala loti ana awa ziwakomera pati. Mfundo imeneyi ili mu pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, Gawo 3, ndipo pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana la 1990 likunenanso zomwezo pa Gawo 4, maiko ambiri anailowetsa mmalamulo awo. Pangano la 1989 lomwelo pa Gawo 9 likuti mwana ali ndi ufulu wopitiriza kuonana ndi makolo onse awiri pokhapokha ngati kutero kungamuike pamavuto, ndipo Gawo 12 likuti maganizo a mwana azimvedwa molingana ndi msinkhu wake. Nde loya wanu chimene akufuna kudziwa ndi ichi: amawadzutsa ndani mmawa, amawaperekeza ndani kusukulu, akadwala amagona nawo ndani kuchipatala, fizi amalipira ndani, akagona pati akapita kwa bambo awo, chisiyanirane bambowo awaona kangati. Zinthu zooneka zazing'onozi ndi zomwe zimanyamula mlandu. "Ndi munthu wosasamala" ndi mawu chabe, aliyense amanena zomwezo za mnzake. "Kuyambira Ogasiti mpaka Meyi anatumiza ndalama kawiri, marisiti ndi awa" ndi umboni. Mukafuna kulemba mawu oti nthawi zonse kapena sanapangepo, imani kaye mudzifunse kuti linali liti, kangati, anaona ndani.

Chibwenzicho mutchule mzere umodzi, loya adziwa yekha ngati chili ndi ntchito, poti mmaiko ena chifukwa chothetsera banja chimafunikabe pomwe ena anasiya kufunsa kuti wolakwa ndani.

Ndiye pali mbali ija anthu amaizemba. Zanu zoipa. Ngati tsiku lina munapsa mtima nkuswa galasi la galimoto yawo, ngati munatumizapo meseji yoopseza pa WhatsApp, ngati munawakaniza ana miyezi itatu, ngati muli ndi wina amene mukuyenda naye, muuzeni loya wanu mukangogwirizana, musadikire kuti akazimvere mkamwa mwa loya wa mbali ina pamaso pa jaji. Ndinkawaona abwana anga akuchokera kukhoti nkhope ili gwaa chifukwa kasitomala anabisa kanthu kamodzi, ndipo kanthuko pakokha sikanali koopsa, choopsa chinali chakuti tsopano jaji sakukhulupiriranso china chilichonse. Zomwe mumamuuza loya pofuna malangizo ndi zachinsinsi, lamulo limaziteteza, iye saloledwa kukaziulula wamba. Chimene sangachite ndi kukunamizirani kukhoti, ndipo afidaviti ija mumachita kulumbira, kunama mmenemo ndi mlandu pawokha.

Chinsinsi chimenechi mukhoza kuchiboola nokha komabe. Mukamatumiza imelo musaikemo achemwali anu kapena mnzanu uja kuti naye aone, musagwiritse ntchito imelo ya kuntchito poti abwana akhoza kuitsegula, ndipo ganizirani bwino ngati bambo aja sakudziwa pasiwedi yanu, anthu okwatirana amadziwirana zambiri. Tsegulani akaunti yatsopano, ndi mphindi zochepa. Tabuleti ya ana ija imapita nawo kwa bambo awo ili ndi akaunti yanu mkati? Ionereni.

Zotumiza limodzi ndi kalatayo: masamba ONSE a mapepala akukhoti, kutsogolo ndi kumbuyo, ojambulidwa poyera osati chithunzi chamdima chodula theka, ndipo ngati mungathe aphatikizeni akhale PDF imodzi osati zithunzi 23 zobwera chimodzichimodzi. Setifiketi ya ukwati, makalata obadwira ana, chigamulo chilichonse chakale ngati chilipo. Masitetimenti a kubanki, mapepala a malipiro ndi a katundu mungonena kuti muli nawo, adzakufunsani. Zenizenizo zikhale ndi inu, muzipereka makopi. Masikirinishoti azionetsa deti ndi nambala ya wotumiza, ndipo musafufute meseji iliyonse ngakhale yomwe ikukuchititsani manyazi, mbali inayo ili nayo kale. Koma kukathyola foni ya bambowo kuti mupeze umboni ayi, zimenezo zikhoza kukutembenukirani. Pa Facebook ponso pumulani kaye, zija zolemba mophiphiritsa zoti "Mulungu akuona" zimasindikizidwa nkulowa mufayilo, ndinazisindikizapo ndi manja angawa kkkk. Ana musawaphunzitse zokanena, amene amacheza ndi ana pa milandu yotere amazindikira msanga mwana akamalankhula mawu a munthu wamkulu.

Zinthu ziwiri zokha ndi zomwe zimaposa deti ija ndipo zikakhalapo zikhale mzere woyamba weniweni. Ngati pali nkhanza kapena kuopsezedwa, inu kapena ana, nenani pompo, makhoti amatha kupereka lamulo lachitetezo mwachangu osadikira mlandu waukulu, ndipo zikafika poopsa pitani kupolisi musadikire imelo. Chachiwiri ngati mukuona zizindikiro zoti ana akufuna kutulutsidwa mdziko, mapasipoti asowa, kapena inuyo ndi amene mukuganiza zosamuka nawo. Pali pangano la ku Hague la 1980 lothandiza kubweza ana otengedwa motere koma si maiko onse ali mmenemo, kuletsa asanapite nkosavuta kuposa kukawabweza.

Za ndalama musachite nazo manyazi, funsani mu kalata yomweyo: kukumana koyamba nkolipira? Amawerengera pa ola kapena mlandu wonse? Ndalama zolipira kukhoti posiya mapepala zili momwemo kapena nzapadera? Ngati amawerengera pa ola dziwani kuti kuwerenga imelo nakonso kumalowa mu bilu, nde mameseji 10 patsiku mudzawaona kumapeto kwa mwezi, bola kusonkhanitsa mafunso nkutumiza kamodzi. Ngati thumba silikulola nenani poyera, maiko ambiri ali ndi ofesi ya boma yothandiza anthu osowa loya, palinso mabungwe ena, ndipo kalaliki wa kukhoti komweko akhoza kukuuzani fomu yoyenera ndi tsiku lomaliza ngakhale malangizo a zamalamulo sangakupatseni.

Nde mawa mmawa tumizani tsamba limodzi lija, pakatha ola imbani foni ku ofesiko, mufunse amene wayankhayo ngati imelo yafika ndipo mumuuze detiyo ndi pakamwa, ameneyo ndi amene amakaika pepala pamwamba pa mulu. Tsiku lomwelo lemberaninso loya wachiwiri, palibe lamulo loletsa kufunsa awiri. Mukandiyankha mundiuze kuti pa chisamanipo alemba masiku angati, munaiwala kunditchulira nanenso.