Yambani ndi mpira pabwalo

Mayi, mwafunsa mmene mungaphunzitsire ana anu za mapulaneti poti kuno ku Johannesburg magetsi amaphimba nyenyezi. Musadandaule za telesikopu. Ine ndinatenga mpira wamiyendo n'kuuika pabwalo, ndinati ili ndi dzuwa. Kenako kanjere ka mapira pa mamita 24, dziko lathu limenelo. Jupiter ndi nthudza pa mamita oposa 120. Mwana wanga anachita kugwira pakamwa, ati tonsefe tikukwana pa kanjereko?

Nthanda imaonekabe ngakhale mu Hillbrow, pakati pa tauni, muwauze kuti ndi Venus, si nyenyezi ayi. Mukapeza kandalama, apititseni ku planetarium (nyumba yoonetsera za kuthambo) ya ku yunivesite ya Wits, inatsegulidwa mu 1960, kapena ku Sci-Bono, malo ophunzirira za sayansi ku Newtown.