Ku kampu apite, koma za kusamukira ku Lilongwe dikirani kaye

Mayi, funso lanu ndaliona, ndipo poti ena m'gulu muno alidumpha ndilibwereze mwachidule. Mayiwa ali ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3, amathamanga mamita 800 ndi 1,500, ndipo waitanidwa ku kampu ya timu ya dziko ku Lilongwe. Akufuna kudziwa kuti kumalo oterewa kumapezeka chiyani, ngati n'koyenera kumulola, komanso ngati amvere achibale amene akuti mwanayo angosamukira konko kwa azakhali ake chifukwa ku Mzuzu kuno kulibe zipangizo.

Ine ndikuti ku kampu mumulole. Zosamukazo ayi, osati panopa.

Tiyambe ndi malo akewo. Kumayiko ena zonse zimakhala mumpanda umodzi. Ku High Performance Centre ya pa yunivesite ya Pretoria, mwachitsanzo, wothamanga amagona pomwepo, kudya pomwepo, dokotala ndi physio (katswiri wothandiza minofu ndi mfundo zikavulala) ali pomwepo, jimu pomwepo, ngakhale sukulu ya sekondale ya ana amasewero ili pomwepo. Kwathu kuno zinthu n'zomwazikana. Thiraki ya tartan (njira yothamangiramo yoyalidwa mphira) ili pa Bingu National Stadium, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2017. Ku Kamuzu Institute for Sports ku Area 17 ndi kumene kuli dziwe losambiriramo lomwe linamangidwa pokonzekera masewero a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa (Region 5) a mu Disembala 2022, ndipo Griffin Saenda Sports Complex, ya masewero a m'nyumba ngati netiboli ndi basketball, inabwera ndi masewero omwewo. A mpira wamiyendo ali ndi malo awo ku Chiwembe ku Limbe ndi pa Luwinga pompano. Choncho akamati kampu ya ku Lilongwe, nthawi zambiri ndiye kuti ana agona kwina, azikachita training kwina. Funso lanu loyamba kwa amene akuyendetsa kampuyo likhale lakuti, agona kuti, ndipo pakati pa kogonako ndi ku bwalo aziyenda pa chiyani? Mwana woti wadzuka 5 koloko, wadikira basi padzuwa mpaka 9, amakafika pa thiraki mphamvu zitatha kale.

Thirakiyo ndi chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti apite. Mwana wozolowera dothi la pa Mzuzu Stadium kapena giraundi ya sukulu akaponda tartan koyamba amadabwa, phazi limachita ngati likukankhidwa kuchokera pansi, ndipo nthawi yake imatsika. Amaphunziranso zimene kuno timangomufotokozera pakamwa: kukhala mu leni yake pa kona yoyamba ya 800 mpaka pa mzere wolowera mkati, kudziteteza pagulu osapondedwa chidendene, kumva belu la raundi yomaliza osapupuluma. Koma tartan ili ndi msonkho wake. Akavala spikes (nsapato za timisomali kunsi) tsiku ndi tsiku sabata yoyamba, akatumba amauma gwaa, misongolo imayamba kuwawa moti ukadina ndi chala pafupa mwana amadumpha. Mumuuze kuti spikes ndi za tsiku la liwiro lokha, kwinako azivala nsapato zake zothamangira zimene anazizolowera. Musamugulire nsapato zatsopano dzulo lake la ulendo. Za pakaunjika zimene wathamanga nazo kale mwezi wathunthu zimaposa zatsopano zimene zikam'tulutse matuza tsiku lachiwiri. Mufunsenso ngati padzakhale mpikisano woyezedwa ndi makina, chifukwa nthawi ya pa wotchi ya m'manja ya aphunzitsi ake, ngakhale ikhale yokoma bwanji, kunja saiwerengera kwenikweni.

Jimu sindichedwapo. Zitsulo zingakhale zonyezimira, koma kwa mtsikana wa zaka 16 chofunika ndi munthu woima pambali pake kumuonetsa kanyamulidwe. Ngati palibe, asazikhudze.

Pamene ndikufuna muikepo mtima ndi pa anthu, osati pa nyumba. Makolo ambiri tikaona chithunzi cha Bingu timakhutira, timaiwala kufunsa kuti mwana akabinya kakolo Lachiwiri madzulo amugwira ndani. Funsani mosapsatira: physio akhala nawo kampu yonse, kapena adzangotulukira tsiku la mpikisano ndi chikwama cha bandeji? Akavulala kofunika X-ray alipira ndani? Nanga akabwerera kuno ali chitsimphinire, chithandizo chipitirira bwanji? Ku Mzuzu Central Hospital kuli mbali ya physiotherapy, koma kumakhala kosavuta mukapita ndi kalata yofotokoza chimene chinachitika ndi zimene anam'patsa kale. Ndinaperekezapo ana ku kampu ina, sinditchula kuti, kumene ayisi wothira pa bondo lotupa tinkachita kukapempha kwa mayi wogulitsa mafiriziz kunja kwa geti. Nyumba inali yokongola ndithu.

Kenako metironi. Apa musachite manyazi, ndinu kholo. Atsikana akugona mbali yawoyawo? Pali mayi wamkulu amene akugona nawo konko, ndipo nambala yake ndi iti? Mumuimbire mayiyo mwana asananyamuke, mumve mawu ake. Mwananso mumulangize poyera, osati mophiphiritsa: palibe kochi, dalaivala kapena mkulu wa bungwe amene ayenera kumuitanira kuchipinda, kaya akuti akufuna kukambirana za timu, kaya akuti akufuna kumusisita mwendo. Kusisita kumachitikira poonekera, pali munthu wina wachitatu. Wina akamuuza kuti malo ake mu timu ali m'manja mwake, akuimbireni usiku womwewo. Makochi ambiri ndi anthu abwino amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo wabwinoyo sakwiya kholo likafunsa zimenezi. Amene wakwiya, mwadziwiratu.

Chakudya ndiye nkhani imene imagwetsa atsikana athu ambiri mwakachetechete. Ku kampu amathamanga m'mawa ndi madzulo, pamene kunyumba mwina amathamanga kamodzi akaweruka. Thupi limafuna zambiri kuposa kale. Nsima ndi kabichi masana, nsima ndi kabichi madzulo, sizingamufikitse kumapeto. Funsani kuti ndiwo zake n'zotani ndipo m'mawa akudya chiyani asanapite ku bwalo. Sitikunena za zakudya za m'hotela ayi. Phala, mazira, nyemba, usipa, nyama mwa apo ndi apo, masamba, nthochi, mbatata, zomwezi zimakwanira zikamapezeka tsiku lililonse ndiponso pa nthawi yake. M'chikwama mumuikire mtedza wokazinga, chiponde, ufa wa phala la soya ngati kuli pophikira, ndi botolo lake la madzi. Ku Lilongwe kumatentha kuposa kuno, mwana wa ku Mzuzu amaiwala kumwa madzi mpaka mutu uyambe kuwawa.

Asananyamuke mupite naye kuchipatala akamuyeze magazi ndi malungo. Mtsikana wa msinkhu uwu hemoglobin ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa, ndipo wothamanga wa magazi ochepa amaoneka ngati waulesi: raundi yoyamba ali patsogolo, yachiwiri miyendo yalemera, kochi n'kumamukalipira chonsecho vuto lili m'magazi. Usipa, chiwindi, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, makamaka akamadyera limodzi ndi zipatso ngati malalanje kapena magwafa. Tiyi azimwa patali ndi nthawi ya chakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino iron. Ndipo ichi ndinu mayi mungachione msanga kuposa ife makochi aamuna: akasiya kusamba miyezi ingapo pamene training yakula, musati ndi mmene amakhalira othamanga. Nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro chakuti akudya zochepa poyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira, ndipo mapeto ake mafupa amafooka n'kuyamba kung'aluka. Mapadi okwanira, neti ya udzudzu, juzi imodzi, zimenezo mukudziwa kale.

Za mankhwala, mwana akangolowa timu ya dziko akhoza kuyezedwa mkodzo, ndipo kuno ntchito imeneyi ili m'manja mwa Malawi Anti-Doping Organisation, motsatira mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe loona zimenezi pa dziko lonse, umene umakonzedwanso pa 1 Januwale chaka chilichonse. Lamulo lake ndi louma: chimene chapezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, zoti sindimadziwa sizikupulumutsa. Tramadol, amene anthu ena amangomwa akamva kuphwanya m'thupi, analetsedwa pa nthawi ya mpikisano kuyambira 2024. Mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, amenenso ali ndi malire ake. Ngati ali ndi asima ndipo amagwiritsa ntchito inhaler, kapena pali mankhwala amene amamwa nthawi zonse, muwalembe papepala mupereke kwa dokotala wa timu tsiku loyamba. Maufa a m'mabotolo olonjeza mphamvu aja, ndi zitsamba zimene agogo angafune kum'patsa kuti miyendo ipepuke, zitsale kunyumba. Poti sanakwane zaka 18, akamayezedwa ali ndi ufulu wokhala ndi munthu wamkulu womuimirira. Adziwe zimenezo.

Kuitanidwa kwakeko kukhale kwa kalata. Zothamanga zili pansi pa Athletics Malawi, imene imagwira ntchito pansi pa Malawi National Council of Sports, ndipo ngati wadzera kusukulu ndiye kuti a MASSA (bungwe la masewero a m'sukulu) ndi ahedi akudziwapo. Kalatayo inene tsiku loyamba ndi lomaliza, kogona, amene akulipira thiransipoti, ndi ngati pali alawansi. Mupite nayo kwa ofesala wa zamasewero kuno akaitsimikize. Munthu akamakuimbirani kuti mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ku nambala yake kuti asungire mwana malo, kapena kuti ali ndi njira yom'pititsira ku Kenya, musatumize kanthu. Njira yeniyeni yopitira ku malo a training akunja imadzera ku bungwe lake ndi ku Malawi Olympic Committee, imene imayendetsa thandizo la Olympic Solidarity. Chitupa cha NRB, poti wakwana 16, ayambiretu kulondola, pamodzi ndi pasipoti. Zaka zake zikhale zenizeni pa mapepala onse. Wina akakunyengererani kuti muchotseko ziwiri kuti akwane timu ya ana, mukane, zimadzam'tsata mpaka kukula.

Tsopano za kusamuka. Achibalewo akanakhala kuti akunena za mwana wosambira, kapena wa mamita 100 amene amafuna mabuloko oponda ponyamuka ndi tartan pafupipafupi, ndikanawamvetsa. Koma wa 800 ndi 1,500 ntchito yake yambiri imagwiridwa pamsewu wadothi ndi pazitunda, ndipo zimenezo Mzuzu ili nazo zosefukira. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba pang'ono kuposa Lilongwe, ndipo nyengo yathu yozizira imalola mwana kuthamanga mtunda wautali osapsa. Sitikufika pa Iten ku Kenya, pamene pali mamita pafupifupi 2,400, ngakhale ku Nyika timapitirira 2,000, ndipo zimandiwawa kuti mpaka lero timangokuona ngati kokaonera mbidzi. Akatswiri a ku Kenya aja, ndi Eliud Kipchoge yemwe ku kampu yake ya ku Kaptagat, makilomita awo ambiri amathamanga m'misewu yadothi. Temwa ndi Tabitha Chawinga anayambira ku Rumphi, Mwawi Kumwenda ku Mzimba. Malo apamwamba anadzawapeza atayamba kale kuoneka.

Ndiye ku Lilongweko, kampu ikatha, thiraki ya pa Bingu sikhala yotsegukira aliyense nthawi iliyonse, ndipo kuchoka kwa azakhali kukafika kumeneko ndi ndalama ya minibasi tsiku lililonse. Mwana adzapezeka akuthamanga m'mbali mwa tala pakati pa magalimoto, wopanda kochi womudziwa, pa sukulu yatsopano, chaka chamawa MSCE. Satifiketi imeneyo musaiseweretse. Kuthamanga kokha kuno sikudyetsa munthu. Othamanga athu ambiri amene apitiriza atakula ndi amene analowa ntchito ya usilikali kapena upolisi, ndipo kumeneko amafunsa pepala. Akakhoza bwino, ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya Sports Science. Ngati kampuyi yagwera mkati mwa temu, kaonaneni ndi ahedi, atenge manotsi ndi mabuku, ndipo mufunse ngati madzulo kumakhala nthawi yowerenga.

Mumugulire kope limodzi la training lokha. Tsiku lililonse azilembamo zimene athamanga, nthawi yake, ndi pamene pakumuwawa. Tsiku lotseka kampu apemphe kochi wa timu ya dziko amulembere m'kope momwemo pulogalamu ya miyezi ikubwerayi ndi nambala yake ya foni, kuti mphunzitsi wake wa kuno apitirize pomwepo. Akabwerako sabata yoyamba apume, azingothamanga pang'onopang'ono, ngakhale iye akakamire. Kalata ija mukailandira ijambuleni muitumize ku inbox kwanga, mutabisa dzina la mwana, tione limodzi ngati zonse zalembedwamo.