Foni yamakono ya amayi kapena ulendo wa Khirisimasi? Yankho kwa achimwene a ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe koma kwawo ndi kufupi ndi Lizulu. Anapempha kuti dzina lake ndisalitchule, ndiye ndizingoti achimwene. Funso lawo mwachidule ndi ili:

"Ndasunga K250,000 ya Khirisimasi. Ndikapita kumudzi ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, yambiri ithera pa thiransipoti ndi zonyamula m'manja. Ndikuganiza zoti chaka chino tisapite. M'malo mwake ndiwagulire amayi foni yamakono kuti azitsatsa kachewere ndi kabichi wawo pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati mmene akuchitira ena, yotsalayo ndiwatumizire pa foni. Amayi ali ndi zaka 63, amagulitsa pa Lizulu, ndipo ali ndi kafoni ka mabatani. Mayi akunyumba, omwe kwawo ndi ku Bembeke, akukana. Akuti ana atha zaka ziwiri osaonana ndi agogo awo. Inu mukuona bwanji?"

Achimwene, zikomo pondiululira za m'nyumba mwanu. Alamu anga akunena zoona. Kwerani basi, mupite ndi ana, foniyo idikire kaye. Sikuti ndimadana ndi zamakono ayi. Ndinakhala zaka zinayi pansi pa ambulera pa Ntcheu boma, kuikira anthu ndalama pa foni ndi kuwatapitsa, ndipo mpaka lero nsima yanga imachokera pa intaneti. Koma foni mukufuna kugulayo ikagwera m'manja mwina, ndipo mwezi wake si uno.

Taganizani kaye mmene kachewere amayendera pa Lizulu. Msika uja uli pa M1 penipeni, tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ndipo katundu amatsika kuchokera ku mapiri a Tsangano, ku Angonia ndi m'midzi yonse yozungulira. Ogula ambiri ndi apaulendo. Wina waimitsa galimoto, wina watulutsa mutu pawindo la basi, agula ndowa ya kachewere, kabichi awiri, mulu wa tomato, n'kumapita. Munthu wotere amafuna kuona ndi maso, kukanikiza tomato ndi chala, kunenerera mtengo, kenako n'kupempha banyira. Chithunzi cha pa WhatsApp alibe nacho ntchito. Ena ndi opikula: anyamata a ziwaya za tchipisi, amayi a m'misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre. Awa akadziwana ndi wogulitsa amangoimba kuti, "Amayi, wamkuluwamkulu alipo matumba angati?" Akamvana, ndalama imalowa pa foni, thumba limakwera galimoto.

Zonsezi kafoni ka mabatani kamachita kale. Airtel Money inayamba kuno mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo zonse ziwiri zimayenda pongodina *211# kapena *444#, popanda bandulo ya intaneti. Batire la kafoni kaja limatha masiku angapo osatchaja. Kakagwa m'matope a pamsika, amayi amangokapukuta ndi chitenje n'kukabwezera m'chikwama.

Kutsatsa pa WhatsApp ndi ntchito ina payokha, ndipo anthu ambiri amaiona mopepuka. Pamafunika kujambula katundu tsiku ndi tsiku, kugula bandulo, kupeza potchajira, kuyankha msanga munthu akafunsa mtengo, chifukwa ukachedwa ola limodzi wagula kwina. Akagula, thumba lija alipereka ndani kwa kondakitala? Alilandira ndani pa depoti ku Lilongwe? Wogula akanena kuti pansi pa thumba panali ang'onoang'ono okhaokha, akambirana naye ndani? Anthu amene mukuwaona akupindula pa Facebook ndi pa WhatsApp, mukawafufuza bwino, ambiri amakhala m'tauni momwe muli ogula, ndipo kumudzi ali ndi m'bale wowakwezera katundu. Ndiye kuti bizinesi mukuiganizayo ndi yabwino ndithu, koma foni yake ilipo kale, ili m'thumba mwanu ndi la alamu anga. Anzanu a kuntchito, gulu la WhatsApp la kutchalitchi, oyandikana nawo nyumba, onsewo amadya kachewere, ndipo amamugula modula m'misika ya m'tauni. Inu tsatsani ndi kutolera ndalama, amayi azisankha katundu ndi kukweza. Kusankha kachewere wabwino amayi amakudziwa kuposa tonsefe.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinkaona pansi pa ambulera paja, chifukwa ndi zimene zimandichititsa mantha ndi nkhani yanu.

Tsiku lina mu Disembala kunabwera agogo ena ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka ngati 16. Kafoni kawo anakakulunga m'pepala la shuga, n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Anamasula pang'onopang'ono n'kunena kuti mwana wawo wa ku Blantyre wawaimbira kuti watumiza K40,000. Nditawauza kuti alowetse pini, anati, "Aaa, amaidziwa ndi uyu." Mnyamata analowetsa. Munali K22,000. Ndinawawerengera mokweza kawiri. Mnyamata uja anangozyolika, chala cha kuphazi chikukanda dothi. Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tapani zomwe zilimozo, mwanangu." Sanakalipe, ndipo ndikukhulupirira kuti mwana wawo wa ku Blantyre sanamuuze mpaka lero, poopa kudanitsa abale.

Zoterezi ndinaziona kangapo. Ndalama ya pa foni imamvera amene akudziwa pini. Ndipo foni yamakono ikafika pamudzi, yokhala ndi kamera, nyimbo ndi mpira, siigona m'chikwama cha agogo. Imakhala ndi mdzukulu kapena mwana wa achemwali, poyamba kuti awathandize, kenako amayi akaifuna amauzidwa kuti ili kotchajitsa. Simu yokhala ndi ndalama za kachewere imakhala momwemo. Sindikunena kuti kwanu kuli akuba, achimwene. Ndikungoti pakadali pano amayi akugwira okha bizinesi yawo ndi kafoni kamene akukadziwa, ndiye musawalande mphamvu imeneyo poganiza kuti mukuwathandiza.

Disembala ndi mwezinso wa anthu achinyengo. Amadziwa kuti nyumba iliyonse ikudikira kenakake kuchokera kutauni kapena ku Johannesburg. Mauthenga aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta" amachuluka, ndipo ena amaimba ngati ogwira ntchito ku kampani ya foni, kunena kuti alakwitsa potumiza ndiye mubweze, kapena kuti mutchule pini kuti akukonzereni akaunti. Amayi ayenera kumva kuchokera pakamwa panu, mutakhala nawo pamphasa, kuti wogwira ntchito weniweni sapempha pini, ndiponso kuti inu simudzasintha nambala popanda kuwaimbira ndi mawu anu.

Ngati pali ndalama yoti mutumize, tumizani msanga, ndipo muikeponso yotapira kuti amayi alandire yathunthu. Ejenti amakupatsani makwacha a m'manja kuchokera m'kabokosi kake, ndipo kabokosiko kamadzazanso pokhapokha ena akabwera kudzaika. Sabata ya Khirisimasi kumudzi aliyense amatapa, oika amasowa. Pofika masana a pa 24 ine ndinkakhala nditauma, anthu ali pamzere, ndipo pa 25 ndi pa 26 mabanki amakhala otseka. Agogo ena ankayenda mtunda wautali n'kubwerera chimanjamanja, ndalama ili pa foni, mpunga osagula.

Koma funso loyamba kwa amayi lisakhale la mpunga. Afunseni ngati feteleza wobereketsa alipo. Kwathu kuno Khirisimasi imagwa pakati pa ntchito. Mvula ikayamba kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, chimanga chimamera, ndipo patatha masabata atatu chimafuna Urea. Mukawerenga bwino, masiku amenewo ndi a Khirisimasi ndi Nyuwere omwewa. Ndi nthawinso yopalira, yofuna aganyu, ndipo kachewere wa dzinja amafuna mankhwala a chiwawu. Mabanja ambiri amadya bwino pa 25, kenako pa 5 Januwale chimanga chayamba chikasu, ana akufuna fizi ya temu yachiwiri, nkhokwe yapepuka, basi ulendo wa kwa akatapila. Ndipo mitengo siikhala pamodzi. Mukumbuke kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sabata zochepa Khirisimasi isanafike, ndipo feteleza ndi mafuta a galimoto timagula kunja. Choncho pa K250,000 yanuyo, gawo la kumunda lichoke loyamba, lero lomwe ngati n'kotheka. Ngati amayi ali mu banki m'khonde, afunseninso kuti akugawana liti, chifukwa magulu ambiri amagawana cha kumapeto kwa chaka, ndipo ndalama ziwirizi zikaphatikizana zimagula chinthu chooneka.

Za ulendo, musadikire pa 24, pamene mabasi amadzaza ndipo mtengo umakwera mmene afunira eni galimoto. Nyamukani pa 21 kapena pa 22. Kuchokera ku Lilongwe nyamulani shuga, mafuta ophikira, mpunga, sopo, majarini, botolo la Sobo ndi chitenje cha amayi ndi cha apongozi. Masamba ndi tomato musanyamule, mukupita kwawo kwa zimenezo. Nkhuku mukagule pamudzi pomwepo, ndalamayo itsale kwa aneba. Muli ndi mwayi umene ambiri alibe: Bembeke ndi Lizulu zili njira imodzi. Mukhoza kugona masiku awiri kuchikazi, n'kutsetsereka kukadyera Khirisimasi kwanu, kapena kutembenuza, osawonjezera thiransipoti yambiri.

Ine Khirisimasi ndimaikumbukira ndi fungo la utsi wa nkhuni zonyowa. Amayi anga, aNangozo, ankadzuka kusanache, mphika wa mpunga uli pamafuwa, tambala ataphedwa kale dzulo lake madzulo. Ife tinkamwa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, chinthu chimene chaka chonse tinkangochiona m'sitolo. Zovala za pa kaunjika zinkagulidwa mu Novembala n'kutsekeredwa m'sutikesi, ndipo m'mawa umenewo zinkatuluka zikununkha sopo. Kutchalitchi ana ankachita sewero la kubadwa kwa Yesu, abusa a nkhosa atafunda mabulangete, ndodo zili m'manja, mngelo atavala nsalu yoyera ya amayi ake. Pobwerako ndiye panali ntchito yathu anafe, kuyenda ndi timbale tovundikira: aka n'ka azakhali, aka n'ka agogo a kuseri kwa khola, aka n'ka amayi aja amwalira amuna awo chaka chino. Timbaleto tinkabwerera tili ndi kanthu, pena chigumu, pena nthochi. Madzulo thobwa ali mu ndowa, akuluakulu ankatulutsa zishango ndi zibonga, ngoma n'kuyamba, fumbi osaoneka chifukwa pansi panyowa, koma nthaka ikugwedezeka.

Ana anu akufunika kunyamulako timbale timeneto. Umu ndi mmene amadziwira kuti azakhali ndi ati, amalume amakhala nyumba iti, ndi chifukwa chake agogo sawaitana ndi dzina la kusukulu koma ndi mfunda wawo. Paja amati chibale ndi fupa, sichiwola, koma mwana wa zaka zisanu amene watha zaka ziwiri osafika pamudzi amabisala kumbuyo kwa mayi ake agogo akamutambasulira manja, ndipo nkhalamba zimamva kuwawa ndi zimenezo ngakhale zimangoseka.

Palinso zimene inuyo mukaone. Makolo athu pa foni amangoti, "Tili bwino, kaya inu kumeneko." Denga likudontha pamutu pa bedi, tili bwino. Bondo latupa moti kumsika akupita mwa apo ndi apo, tili bwino. Malire a munda wina wawasuntha, tili bwino. Ngakhale mutawagulira foni ya kamera, adzakuonetsani nkhope yokha, atavala duku labwino. Mukafika nokha mudzaona mmene akudzukira pamphasa, mudzalowa m'nkhokwe, mudzayenda nawo kumunda m'mawa, ndipo pamenepo mudzadziwa kumene ndalama yanu ya chaka chamawa iyenera kupita.

Foni ija mukadzaifunabe, nthawi yake ilipo. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, anthu atakolola, kapena mukadzabwera ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo. Mudzagule limodzi ndi kasola kotchajira, ndipo simu ya ndalama idzatsale m'kafoni ka mabatani, yolembetsedwa ndi chiphaso cha amayi eni ake.

Pa ulendo uno, tsiku la 26 phwando litazizira, khalani nawo pakhonde awiriwiri, ana atapita kosewera. Sinthani pini, asankhe okha nambala imene sangaiwale, ndipo aidine katatu inu mukuyang'ana kumbali mpaka izolowere chala. Alembereni m'kabuku, ndi zilembo zikuluzikulu, nambala yanu, ya alamu anga ndi za opikula awo. Apezeni kondakitala mmodzi wokhulupirika wa minibasi za Ntcheu–Lilongwe, mumuone nkhope ndi kutenga nambala yake. Kenako amayi akusankhireni matumba awiri a kachewere wamkuluwamkulu, muwalipire mtengo wa pamsika osanenerera, mukwere nawo pobwerera. Mukafika muwajambule, muike pa gulu la kuntchito ndi la kutchalitchi, ndipo mudzandilembere kuti atha pa masiku angati.