Tifunseni: kugulitsa thupi, unamwali ndi sikelo yokondera

Mwezi uno talandira makalata ambiri pa nkhani zimene anthu amakonda kukamba monong'ona. Tasankhapo anayi. Oyankha ndi anamwino a za uchembere pamodzi ndi mlangizi wa za malamulo, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Anzanga awiri akhala akukangana. Wina akuti mkazi wogulitsa thupi ndi wodziimira payekha, thupi ndi lake, ndalama ndi zake, palibe mwamuna womulamula. Winayo akuti umenewo ndi ukapolo basi. Akunena zoona ndani? (Mtsikana wa zaka 24)

YANKHO: Achemwali, anzanu onsewo akuloza anthu amene alipodi, kungoti aliyense akuloza wake. Alipo mayi amene amasankha yekha makasitomala, amasunga ndalama kubanki ndipo ana ake ali pasukulu. Aliponso amene anatuluka usiku chifukwa ana anagona ndi njala, ndipo lero ali ndi ngongole kwa mwini chipinda yoti sadzaimaliza. Kuti mudziwe ngati mayi ali ndi mphamvu pa ntchitoyi, funsani zinthu zooneka ndi maso. Kodi angathe kubweza kasitomala wokana kondomu, tsikulo n'kugona atadya? Ndalama imene walandira ndi yake yonse, kapena mwini nyumba, mlonda ndi chibwenzi chomwe amati chimamuteteza amadulapo zawo? Akamenyedwa angapite kupolisi osaopa kuti wotsekeredwa akhala iyeyo? Atafuna kusiya mawa, chilipo chomugwira mwendo?

Za ndalama ndiye zimanyenga kwambiri, chifukwa anthu amawerenga za usiku umodzi wabwino. Pa ntchito zambiri malipiro amakwera munthu akamazolowera ntchitoyo. Pano n'zosiyana, makasitomala amathamangira achichepere, ndiye zaka zikamapita mtengo umatsika. Masiku a msambo, a matenda ndi a pakati palibe cholowa, chikhalirecho lendi ya chipinda, zovala ndi zodzola zikufunabe ndalama tsiku lililonse. Pamenepo m'pomwe katapila amalowera. Ndipo mayi wa ngongole sakana zambiri. Kafukufuku wina wa ku Mexico, amene anasindikizidwa mu 2005, anapeza kuti kasitomala akafuna kugonana popanda kondomu ankalipira ndalama yokwererapo ndi 23 peresenti. Amene lendi yamufinya ndi amene amalandira ndalama yowonjezerayo, ndipo amailipira ndi thupi lake.

Lamulo la dziko limasinthanso zambiri. Dziko la Sweden mu 1999 linakhazikitsa lamulo loti wolakwa ndi wogula, wogulitsa alibe mlandu, ndipo Norway inatsatira mu 2009, France mu 2016. Cholinga chake n'choti ogula achepe. Koma mabungwe a amayi oyendayenda kumeneko amadandaula kuti kasitomala woopa kumangidwa amafulumiza zokambirana ndi kukokera mayi kumalo obisika, moti mayiyo sakhala ndi mpata womuyang'anitsitsa asanakwere galimoto.

New Zealand inatenga njira ina mu 2003, inachotsa mlandu kwa onse awiri. Lamulo lake limati mayi angathe kukana nthawi ina iliyonse, ngakhale atalandira kale ndalama, ndipo amayi osapitirira anayi angathe kugwirira ntchito nyumba imodzi popanda chiphaso, bola pasakhale bwana wowalamula. Mu 2014 mayi wina kumeneko anasumira mwini nyumba yomwe ankagwiramo ntchito chifukwa chomuvutitsa ndi mawu achipongwe okhudza kugonana, ndipo anapatsidwa chipukuta misozi cha madola 25,000 a dzikolo. Belgium inachotsa mlandu mu 2022, ndipo kuyambira mu December 2024 amayiwa angathe kusaina kontirakiti yokhala ndi tchuthi cha uchembere ndi penshoni. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya The Lancet inawerengera kuti kuchotsa mlandu pa ntchitoyi kungapewetse pakati pa 33 ndi 46 peresenti ya anthu otenga kachirombo ka HIV mwa amayiwa ndi makasitomala awo m'zaka khumi. Komabe ngakhale ku New Zealand komweko, mlendo wokhala m'dzikomo ndi chitupa cha kanthawi saloledwa kugwira ntchitoyi, ndiye amabisala, ndipo wobisala sadandaula akachitidwa nkhanza.

Chitsanzo chimene ife timachiona cholemera ndi cha Sonagachi, mumzinda wa Kolkata ku India. Ntchito yolimbana ndi HIV inayamba kumeneko mu 1992, ndipo mu 1995 amayi anapanga bungwe lawo la Durbar pamodzi ndi kopaletivi yosungitsa ndi kubwereketsa ndalama yotchedwa Usha. Mayi mmodzi akakana kasitomala wopanda kondomu, bamboyo amangogogoda chitseko chotsatira. Msewu wonse ukagwirizana, alibe kolowera. Ndipo mayi amene wabwereka ndalama ku kopaletivi sakhalanso m'manja mwa wakatapila.

Maganizo athu ndi akuti kugulitsa thupi pakokha sikupatsa munthu mphamvu, monganso kusamba m'manja n'kumatukwana amayiwa sikupulumutsa aliyense. Mphamvu zimene tazionazi zinachokera ku lamulo, ku mgwirizano ndi ku ndalama yosungidwa. Koma pa mwana wosakwana zaka 18, kapena munthu wozembetsedwa n'kulandidwa ziphaso zake, palibe zoti tikambirane za ufulu. Umenewo ndi mlandu wa wogula ndi wogulitsa mwanayo.

FUNSO: Ndine mayi woyendayenda. Kondomu yandiphulikira kawiri mwezi uno. Ndimangothamangira kukatsuka mkati ndi sopo. Zikukwanira? (Mayi wa zaka 31)

YANKHO: Mayi, sopoyo musiye lero. Kutsuka mkati kumakankhira umuna kumtunda, kumapha tizilombo tabwino toteteza njirayo ndiponso kumakwekwesa khungu lofewa, zomwe zimatsegulira kachirombo khomo. Tsukani kunja kokha ndi madzi, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumeneko pemphani zinthu zitatu. Choyamba ndi PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mukawayamba msanga m'pomwe amagwira bwino. Amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 28. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha nseru ya masiku oyambirira, ndipo kusiya kumawononga chitetezo chonse. Chachiwiri, ngati simuli pa njira yolera, ndi piritsi la pangozi la levonorgestrel la 1.5 mg, lomwe limathandiza kwambiri mkati mwa maola 72. Mukasanza pasanathe maola awiri mutamwa, imwani lina. Lupu ya kopa ikaikidwa pasanathe masiku 5 imateteza kuposa piritsilo. Chachitatu ndi kuyezetsa chindoko ndi chinzonono, chifukwa mwa amayi matendawa amatha kukhala mwakachetechete osaonetsa chizindikiro.

Kondomu yophulika kawiri pamwezi ili ndi chifukwa. Kawirikawiri ndi mafuta odzola: Vaseline ndi mafuta ena onga ameneyu amafooketsa mphira m'kanthawi kochepa, ndiye gwiritsani ntchito mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Nthawi zina ndi mpweya wotsalira kunsonga chifukwa chosatsina povala, kuvala makondomu awiri nthawi imodzi, kung'amba paketi ndi mano, kapena kondomu yomwe yatha masiku kapena yakhalitsa pamalo otentha. Muzimuveka nokha kasitomala ndi kondomu yanu. Funsaninso za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV omwe munthu wopanda kachirombo amamwa tsiku lililonse. Kwa amayi chitetezo chake chimakhazikika pakatha masiku 7 mukumwa mosadumphitsa. M'mayiko ena muli kale jakisoni wa miyezi iwiri iliyonse komanso wa kawiri pachaka. PrEP sateteza ku chindoko kapena mimba, ndiye kondomu musaitaye.

FUNSO: Ndangokwatira kumene. Mkazi wanga anandiuza kuti anali asanagonepo ndi mwamuna, koma usiku woyamba sanatuluke magazi. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi anandinamiza? (Bambo wa zaka 29)

YANKHO: Bambo, nsalu yopanda magazi siikuuzani chilichonse za mbiri ya akazi anu. Tiyambe ndi kachikopa komwe mukuganiza kuti kanayenera kung'ambika. Anthu amakaganizira ngati chivindikiro chomata pakamwa pa botolo, choti woyamba kutsegula amachiboola. Kakanakhala kotero msambo ukanatulukira kuti? Kachikopaka ndi kamkombero kopyapyala kozungulira khomo la njira ya abambo, kokhala ndi bowo kuyambira pobadwa. Mwa ena n'kozungulira ngati mphete, mwa ena kali ngati mwezi wongooneka kumene, mwa ena kali ndi mabowo awiri kapena angapo, ndipo mwa ena n'kochepa moti sikaoneka bwino. Mtsikana akatha msinkhu, mahomoni amakafewetsa n'kukachititsa kutamuka ngati lasitiki ya mchiuno mwa chovala. Mitsempha ya magazi mulinso yochepa. N'chifukwa chake amayi ambiri satuluka magazi ulendo woyamba.

Alipo atsikana ochepa obadwa kachikopaka katatsekeratu. Amenewo amadziwika chifukwa amamva kupweteka m'mimba mwezi ndi mwezi koma msambo osaoneka, ndipo amafunika opaleshoni yaing'ono. Ndiye "chotsekedwa" chimene amuna ena amachifunacho, kuchipatala timachiona ngati vuto loyenera kuchiza.

Magazi akatuluka, nthawi zambiri amachokera ku kung'ambika kwa khungu la m'mphepete chifukwa cha kuuma, mantha omangitsa minofu, kapena kufulumira kwa mwamuna. Zimenezo zingachitikenso kwa mayi wa ana atatu. Kunena mosabisa, mkazi womasuka amene mwamuna wake wadekha naye ndiye amene satuluka magazi kawirikawiri, kotero mwina chimene chikukusowetsani tulocho ndi umboni woti munachita bwino.

Ngakhale dokotala sangadziwe poyang'ana. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2004, madokotala a ku United States anayeza atsikana 36 omwe anali ndi pakati, ndipo mwa awiri okha ndi mmene anapeza chizindikiro chotsimikizika choti anagonanapo ndi mwamuna. Enawo, atayang'anidwa ndi munthu wosadziwa za mimbayo, akanatha kulembedwa kuti ndi anamwali.

M'kalata yanu simunatiuze ngati inuyo munali musanagonepo ndi mkazi. Sitikufunsa kuti tikuchititseni manyazi, koma taonani kuti akazi anu alibe nsalu yoti akuyezereni. Anangokhulupirira mawu anu, kapena sanafunse n'komwe. Mukawafunsa mafunso ngati wapolisi, chotsatira chake tikuchidziwa: mantha pogonana, minofu yomangika, ululu, kenako kuthawa bedi.

FUNSO: Chibwenzi changa chakhalapo ndi akazi ambiri, ndipo sichibisa. Koma chikuti tisanakwatirane ndikayezedwe unamwali kuchipatala ndi kubweretsa kalata. Ndikadandaula chimati mwamuna ndi tonde, azinunkha. Ndichite bwanji? (Mtsikana wa zaka 22)

YANKHO: Achemwali, kuyeza kumeneko kulibe. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za amayi la UN Women ndi ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu, linalengeza kuti palibe njira ina iliyonse yoyezera unamwali, kaya poyang'ana kachikopa kaja kapena polowetsa zala ziwiri, ndipo linapempha azaumoyo onse kuti aleke. Bwalo lalikulu la ku India linadzudzula kuyeza ndi zala ziwiri amayi ogwiriridwa mu 2013, n'kubwerezanso mu 2022. Asilikali a pamtunda a ku Indonesia analeka kuyeza akazi olowa usilikali mu 2021. Ku United Kingdom, kuyambira mu 2022, ndi mlandu kuyeza unamwali komanso kusoka kachikopako kuti mkazi adzatuluke magazi pa ukwati. Opaleshoni yosokayo, ndi timakapusozi ta magazi abodza togulitsidwa pa intaneti, ndi malonda amene anabadwa chifukwa cha amuna onga wanuyo. Kalata imene dokotala angakulembereni ikhala yongopeka, ndipo ikapekedwa molakwika wovutika ndinu.

Tayang'anani sikelo imene akukuyezerani. Akazi amene iye anagona nawo, kwa iye anatsika mtengo, pomwe iye amene anagona nawo onsewo akuti anakwera. Sikelo yomweyi ndi imene imapatsa wogulitsa thupi dzina loipa, wogula n'kungotchedwa kasitomala. Ngati unamwali ndi wofunika pa chikhulupiriro chanu nonse awiri, palibe cholakwika, koma ndiye ukhale wofunika kwa awiri. Munthu wofuna kalata ya dokotala kuti akhulupirire mawu anu ukwati usanayambe, dzifunseni kuti adzafuna chiyani mukadzachedwa kufika kunyumba.

Kuyeza kothandiza kulipo, ndipo pa mbiri imene wakuuzaniyo inuyo ndi amene muyenera kukupempha. Pitani limodzi mukayezetse HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo zotsatira mukamvere pamodzi m'chipinda chimodzi, osati kudzangouzidwa pakamwa. Ngati iye wagonana ndi wina posachedwa, kachirombo kangathe kusaoneka poyeza koyamba, ndiye mubwereze pakatha miyezi itatu, ndipo pa miyezi imeneyo mugwiritse ntchito kondomu kapena mudikire.