Linagumuka kapena linagumulidwa?

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ndimakhala ku Ohio, m'dziko la America, ndipo ndikulembera abale kumudzi mbiri ya Richfield Coliseum, momwe munkachitikira masewera ndi zoimbaimba. Ndalemba kuti "bwaloli linagumuka mu 1999", koma akazi anga akuti chiganizochi nchopunduka. Akulondola ndani? Nanga malo ofolera nkuwatcha bwalo?

Yankho: Bambo, mayi a kunyumbawo akulondola. Chinthu chikagumuka, palibe munthu amene tikumuloza chala: chipupa chagumuka ndi mvula, dothi lagumuka m'mphepete mwa mtsinje. Tikati chagumulidwa, ndiye kuti alipo amene anachita kufuna, nabwera ndi zida. Nchimodzimodzi mbale yasweka ndi mbale yaswedwa. Mwana wochenjera amasankha yoyambayo pothawa chikwapu.

Ndiye taonani mbiri imene mukulembayo. Malowa anatsegulidwa mu 1974 kunja kwa tauni, pakati pa mizinda ya Cleveland ndi Akron, ndipo tsiku lotsegulira anaimba ndi Frank Sinatra. Chaka chotsatira Muhammad Ali anaswana nkhonya ndi Chuck Wepner momwemo. Timu ya basketball ya Cleveland Cavaliers inasewera mmenemo zaka 20, anthu oposa 20,000 akumakwana mkati. Mu 1994 timuyi inasamukira ku bwalo latsopano pakati pa mzinda wa Cleveland, ndipo lakaleli linangokhala gwaa, lopanda ntchito, mpaka mu 1999. Silinagwe ndi ukalamba ayi. Anthu anakhala pansi nkugamula kuti lichoke. Mukalemba kuti linagumuka, abale kumudzi aganiza kuti kunachitika ngozi, mwina denga linagwera anthu. Lembani kuti linagumulidwa, kapena kuti analigwetsa.

Kuphwasula musakugwiritse ntchito pamenepa. Timaphwasula chinthu chimene tikuchotsa mtengo umodziumodzi, ngati khola kapena chisakasa, ndipo denga timasasula. Chipupa cha njerwa ndi simenti timagumula.

Za bwalo, ndikumvetsa chimene chikukukayikitsani. Kwathu bwalo ndi malo a pamtetete, pomwe mfumu imaweruzira milandu ndi pomwe gule amavinidwira, ndipo mawuwa anafalikira ku masewera, nchifukwa chake timati bwalo la Kamuzu ku Blantyre. Ine sindikuona cholakwa kunena kuti bwalo lofolera, bola mutero koyambirira kuti wowerenga adziwe kuti mvula ndi chisanu sizinkafika mkati. Holo ndi yaing'ono kwa anthu 20,000. Mukasankha "chinyumba cha masewera", samalani mgwirizano wa mawu: chinagumulidwa, osati linagumulidwa. Ambiri amayamba ndi chinyumba nkumalizira li- wa bwalo.

Simunafunse, koma pofotokoza za lero mawu oti bwinja akuthandizani. Malowo tsopano ali m'nkhalango yotetezedwa ya Cuyahoga Valley National Park, ndipo panamera udzu. Mutha kulemba kuti: "Bwalo lofolerali linagumulidwa mu 1999, ndipo pabwinja pake pano ndi dambo."