Pa NRC analemba Katete, koma Katete wake uti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Kitwe. Ndaifupikitsa, koma mtima wake ndi uwu: "Ndinabadwira ku Copperbelt ndipo ndakulira konkuno. Pa NRC yanga, chitupa changa cha unzika, analemba kuti kwathu ndi ku Katete, kwa mfumu Kawaza, chifukwa ndiko kunachokera malemu bambo anga. Ineyo sindinapondeko. Tsopano ana ayamba kundifunsa, ndipo ndikufuna kupita nawo chaka chino. Kodi Katete ndi tauni yotani, inayamba bwanji, ndipo kuli anthu angati? Pa intaneti ndikupeza manambala osiyanasiyana."

Amayi, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Manambala mwapezawo n'kutheka kuti palibe labodza. Chimene chikusokoneza n'chakuti dzina limodzi lasenza katundu wambiri. Pali Katete wa pamsewu pamene basi imaima, pali Katete wa ku Boma, pali Katete wa kuchipatala, pali Katete wa ku Mkaika kwa Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ndiyeno pali Katete wa pa NRC yanuyo, amene si tauni ayi koma midzi yambirimbiri yomwazikana mpaka kumalire ndi Mozambique. Palinso Katete wina ku Mzimba m'dziko la Malawi, ameneyo musamuwerengere, angokusokeretsani pa Google.

Tiyambe ndi njira. Kuchokera ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500 mu msewu wa Great East. Mudzadutsa Chongwe ndi Rufunsa, mudzatsetsereka m'mapiri mpaka kuoloka mlatho wa Luangwa, kenaka Nyimba, mphambano ya Petauke, Sinda, basi mwafika. Mukapitirira, Chipata ili kutsogolo makilomita osafika 90. Pamene mudzatsikire anthu amati pa Stores. Injini isanazime, mazenera adzakhala atazingidwa kale: amayi atasenza malichero a nthochi ndi nshawa zokazinga, anyamata atakweza m'mwamba mazira owiritsa ndi madzi ozizira, ndipo ikakhala nthawi yokolola itapita, mpani wa mbewa sudzasowa. Kumbuyo kwao kwandanda njinga zonyamula anthu, pakaliyala atamangapo kakhushoni, ndipo masiku ano njinga zamoto zikuzipanikiza. Chikwama chanu chidzagwiridwa ndi manja atatu nthawi imodzi. Musaope, sakuba, akulimbirana pasenjala. Ingofunsani mtengo musanakwere.

Pa Stores ndi mzere wa masitolo, ambiri akalewo anamangidwa ndi amwenye amene mabanja awo akhala kum'mawa kuno mibadwo ingapo, n'chifukwa chake mudzaona mzikiti m'tauni ya Achewa. Maofesi a boma sali pamenepo. Ali ku Boma, kamtunda ndithu kuchoka pamsewu waukulu. Chipatala chachikulu nachonso chili kwakekwake. Ndiye mlendo amatsika basi, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti tauniyo ili kuti. Yankho ndi lakuti ili m'zidutswa, ndipo zidutswazo zimalumikizidwa ndi njinga zija.

Chimene chimapatsa Katete moyo ndi mphambano. Pamenepa pamapatuka msewu wolowera kumwera, makilomita oposa 50 pang'ono kukafika pa chipata cha Chanida, kutsidya kwake ndi Cassacatiza, n'kumapita ku Tete ndi kudoko la Beira. Malole a mafuta, a feteleza ndi a mkuwa amakhotera pomwepo usana ndi usiku. Mukachotsa mphambano imeneyi, Katete akanakhala ngati malo ena alionse amene basi imangoliza hutala n'kudutsa.

Dzikolo ndi lokwera, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, lathyathyathya koma lodzadza ndi timapiri ta miyala, ndipo akuluakulu ake ndi mapiri a Mphangwe, amene wailesi ya m'deralo inatengako dzina. Msewu waukuluwo unadutsa pamsana pa dziko. Mvula yogwa kumpoto kwake imatsikira ku Lupande n'kukathira mu Luangwa, yogwa kumwera imalowera ku Mozambique kukafuna Zambezi. Mvula imayamba mu November n'kuleka cha mu March kapena April. June ndi July kumazizira zoti ana anu adzafuna majuzi. October ndi ng'anjo. Pakati pa mitunda pali madambo, ndipo m'madambomo ndi mmene muli madimba a tomato, mpiru, nzimbe ndi chimanga chachiwisi. Munthu wa ku Katete amene ali ndi dimba labwino ndi ng'ombe ziwiri zokoka chikochikale sadandaula kuti sanapite ku tauni.

Tsopano mbiri, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa tauniyo ndi mwana wa dzulodzulo poyerekeza ndi anthu ake.

Achewa ndi a ufumu wa Maravi, umene likulu lake linali kufupi ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, pansi pa Kalonga. Mbiri ya makolo imati Undi, wa banja lomwelo la Aphiri, anapatukana ndi Kalonga n'kulowera kumadzulo, ndipo anatenga Nyangu, mayi amene mafumu amabadwa mwa iye. Anakakhazikika ku Mano, komwe lero ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko anagawa malo kwa mafumu ake. Dziko la Katete linali mbali ya ufumu umenewo kalekale mzungu asanajambule mzere uliwonse. Mzere unabwera mu 1891, pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire. Unadula pakati pa abale, mfumu yaikulu n'kutsala tsidya la Apwitikizi, anthu ake ena tsidya lino. Mpaka lero mudzapeza banja loti munda uli ku Mozambique, mwana akuphunzira ku Zambia, ndipo maliro akagwa palibe amene amafunsa za pasipoti.

Malire asanabwere kunabwera nkhondo. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Midzi ya Achewa inazunzika, ena anamanga malinga, ena anathawira m'mapiri, ena anatengedwa n'kusanduka Angoni. Mphamvu ya Mpezeni inathyoledwa ndi asilikali a Angelezi kumayambiriro kwa 1898, mwana wake Nsingo n'kuphedwa, ndipo Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Malo aakulu kwambiri a kum'mawa kuno anagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, anthu n'kupanikizidwa m'malo ochepa amene anawasiyira. Nthaka inatopa. Mu 1941 boma la atsamunda linagula malo a kampaniyo, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kukayamba pena. Ndikunena izi chifukwa zikukukhudzani: mudzi umene agogo anu anabadwira ungakhale kuti suli pamene unali, ndipo mudzi wa Achewa umayenda ndi dzina la mwini mudzi, umagawikana abale akayambana, umabala midzi ina.

Undi mwiniyo anaolokera tsidya lino m'zaka za m'ma 1930, ndipo atsamunda anamuvomera kukhala mfumu yaikulu ya Achewa. Lero likulu lake ndi Mkaika, m'boma la Katete. Mwambo wa Kulamba, umene mafumu amabwera kudzagwada, kupereka mitulo ndi kufotokoza mmene anthu awo alili, unaletsedwa mu 1934 ndipo unadzutsidwanso mu 1984. Umachitika Loweruka lomaliza la August. Amene ali pampando tsopano, Kalonga Gawa Undi Mkhomo V, analongedwa mu 2004, ndipo mu 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pa bwalo limodzi ku Mkaika. Tauni ina yaing'ono iti ku Zambia imene inaonapo zotere?

Ngati mukufuna kuti ana anu aone chinthu chimene sadzaiwala, pitani nthawi imeneyo. Fumbi limakwera mpaka dzuwa kufiira, ng'oma sizileka usiku wonse, makanja amayenda pamwamba pa mitu ya anthu, anamwali amavina atadzola, ndipo mfumu ikatulukira khamu lonse limagwa pansi ndi mfuu wa "Yooo Gawa!" Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma kwa ife sanadikire satifiketi. Muwauziretu ana kuti chilombo chikamadutsa apatuke, asachiloze chala, ndipo asafunse mokweza kuti m'katimo muli ndani. Koma ngati cholinga chanu n'kufufuza mudzi wa bambo anu, sabata ya Kulamba si yake. Mafumu onse amakhala otanganidwa, ndipo malo ogona amatha kudakali masiku.

Chinthu china chimene chinakoka anthu ndi chipatala cha St Francis. Chinayambitsidwa mu 1948 ndi a Anglican, motsogozedwa ndi Francis Trefusis, amene anali wansembe komanso dokotala. Mpingowo unali kale ku Msoro, kumpoto chakuchigwa, kumene wansembe wa ku Malawi Leonard Kamungu anayamba ntchito nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Lero chipatalacho amachiyendetsa a Anglican ndi Akatolika pamodzi, chili ndi sukulu ya anamwino, ndipo odwala amachokera m'maboma ozungulira ngakhalenso ku Mozambique. Kunja kwa mpanda mudzaona odikirira odwala akusonkha moto pa mafuwa, ena atakhala milungu. Kwa anthu ambiri akumidzi, "ndikupita ku Katete" tanthauzo lake n'kuchipatala, osati ku masitolo.

Tifike pa manambala anu aja. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 243,849 m'boma la Katete. M'tauni mwenimwenimo munali anthu pafupifupi 21,000, kutanthauza kuti pa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi anali kumudzi. Ndiyeno mu 2012 boma linapanga Sinda kukhala boma palokha, podula mbali ya Katete ndi mbali ya Petauke. N'chifukwa chake mukaona chiwerengero cha 2022, chimene chaposa 200,000 koma chikuchepera cha 2010, musaganize kuti kunagwa mliri kapena anthu anathawa. Anthu anachuluka, malire ndiwo anasuntha. Chigawo chonse cha Kum'mawa mu 2022 chinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni.

Ine chiwerengero chimene ndimachikhulupirira kwambiri n'chimene kalembera sangachigwire: anthu a ku Katete amene sali ku Katete. Msonkho wa atsamunda unathamangitsa amuna kupita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku Joni, ena ku Copperbelt monga bambo anu. Ena anabwerako ndi njinga ndi sutukesi, ena anatchona. Chinyanja chimene chimalankhulidwa ku Lusaka sichinagwe kumwamba, chinakwera basi kuchokera kum'mawa kuno. Inuyo ndi ana anu muli m'gulu limeneli. Nawonso olowa analipo: nkhondo ya ku Mozambique itavuta m'zaka za m'ma 1980, anthu ambiri anathawira tsidya lino, ena anatengedwa kupita ku Ukwimi, kumene nthawi imeneyo kunali m'boma la Petauke, ena anangolowa m'midzi ya abale awo, ndipo mtendere utabwera mu 1992 si onse anabwerera.

Otsala kumudziwo amadya za m'munda: chimanga, nshawa, thonje, mpendadzuwa, soya, ena fodya. Nkhani za pa chigayo ndi za feteleza wotsika mtengo wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi, ndi mtengo wa FRA, bungwe la boma logula chimanga. Ng'ombe ndiye banki, ndipo banki imeneyi yadya ana ambiri. Mnzanga amene tinkakhala desiki limodzi mu giredi 3 anangosowa tsiku lina, tinamva kuti amutumiza kukaweta ng'ombe za munthu kumudzi wina, malipiro ake ng'ombe imodzi pakatha zaka zinayi. Anaipeza ng'ombeyo, lero ali ndi khola, koma uthenga wa pa foni amamuwerengera ndi mdzukulu. Mafumu akhala akudzudzula mchitidwewu, ndipo ukuchepa, koma mukamadutsa m'madambo nthawi ya sukulu mudzawaonabe anyamata ndi zikwapu zawo.

Pali chimodzi chimene NRC siinakuuzeni, amayi. Achewa timatsata kuchikazi. Mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo amene amamuyang'anira pa milandu ndi pa ukwati ndi atsibweni, alongo a mayi. Mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi. Choncho mudzi umene bambo anu ankautcha kwawo ndi wa mayi awo, ndipo anthu oti muwafunefune ndi alongo a bambo anu ndi ana awo, amenewo ndiwo mbumba ya pamudzipo. Adzakulandirani ndi manja awiri, nkhuku idzafa, koma musadabwe akakutchulani kuti ana a uje, ngati alendo olemekezeka osati eni nthaka. Si tsankho, ndi mmene mtundu umawerengera anthu ake.

Mukafika, musathamangire kunyumba ya mfumu Kawaza. Onani dzina la mudzi pa NRC ya bambo anu, mufunse oyendetsa njinga pa Stores, iwowo amadziwa midzi kuposa mapu. Pamudzipo muyambe mwaodira kwa mfumu ya mudzi, mutavala chitenje, mukhale pansi, ana aombe m'manja. Mutchule dzina la bambo anu, chiwongo chawo, kaya ndi Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale, koma makamaka dzina la mayi awo. Pamenepo mudzaona gogo wina akuyamba kuwerenga pa zala. Mutenge shuga, mchere, sopo ndi chitenje chimodzi kapena ziwiri zopatsa azakhali. Ndipo poti ana anu akulira ku Kitwe ndipo pakamwa pawo pali Chibemba, muwachenjeze kuti achimbuya awo akuwadikira: adzawaseka kuti amadya anyani, ndipo adzawaikira mbewa pa mbale tsiku loyamba lomwelo. Wamng'onoyo ayambire kumchira.