Ntchito yako izionekera kwa abwana

Mdzukulu wanga wa ku Chilenje wandifunsa kuti: "Agogo, ndimagwira ntchito ya maakaunti pa Cairo Road. Ndimalawirira, ndimaweruka mochedwa, koma okwezedwa ndi ena. Anzanga akuti ndiziwagulira abwana chakudya chamasana n'kumawanong'oneza zolakwa za anthu. Nditani?"

Mwanawe, zonong'onezazo usaziyambe n'komwe. Abwana amamvetsera kazitape, koma samusungitsa makiyi, chifukwa amadziwa kuti pakamwa ponena ena mawa padzanena iwo.

Chimene chikukubweza m'mbuyo iwe ndi manyazi. Kunyumba tinakuphunzitsa kuyang'ana pansi akulu akamalankhula, ndipo pakhomo ndi mwambo wabwino. Ku ofesi ukangoti ziii, anthu amayesa ulibe nzeru. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ukatumiza ndalama za penshoni ku NAPSA ndi msonkho wa pamalipiro (PAYE) ku bungwe la misonkho la ZRA tsiku la 10 la mwezi lisanakwane, usangotseka kompyuta n'kuthamangira basi ku Kulima Tower. Alembere abwana imelo ya mizere itatu: zapita, panavuta pakuti, ndakonza motere. Kumeneko si kudzitama ayi, n'kuwachotsera nkhawa munthu amene akanayankha mlandu zikanachedwa. Uzisunganso kakope m'chikwama, uzilembamo zimene wakonza ndi tsiku lake, chifukwa pofika nthawi younika ntchito kumapeto kwa chaka, abwana amakhala ataiwala za mu Malichi.

Ukapeza vuto, usalowe kwa abwana ndi dandaulo lokha. Upite ndi maganizo a kathetsedwe kake, ngakhale akawakane. Ndipo ukathandizidwa ndi mnzako, umutchule dzina pamsonkhano. Mlonda wa pageti ndi amayi osesa uziwapatsa moni.

Tsiku lina abwana ali pamtendere, upemphe mphindi zochepa, uwafunse mwaulemu kuti: "Bwana, kuti ndiyenerere udindo wokulirapo, ndikuperewera pati?" Akanena za mapepala, usakhumudwe. Kalembetse mayeso a ZICA, bungwe la akatswiri a maakaunti, uziwerenga ukaweruka.

Chinanso chimandidetsa nkhawa, poti ndiwe mwana wamkazi. Alipo mabwana amene amati nkhani ya kukwezedwa mukakambirane madzulo ku loji. Ukane. Uwauze kuti za ntchito muzikamba mu ofesi, masana. Lamulo la Gender Equity and Equality Act la 2015 limaletsa khalidwe lotere pantchito. Mameseji awo usafufute, uwasunge, ukawaonetse ku ofesi yoona za antchito, ndipo ine undiuze tsiku lomwelo.